Digiri Yotengera pa Chulu

Lachiwiri la sabata yatha ndinavala jekete, tayi ndi nsapato zanga za mgonero, n'kukwera chulu. Inu amene munandiona podutsa njira ya kuchigayo, musavutike kukauza abusa. Mutu wanga uli bwinobwino. Ndinali pa mayeso.

Mayesowo sanali anga. Anali a mwana wanga wamkazi, Tiyamike, amene kwa zaka zitatu wakhala ku Joni kuchita digiri yachiwiri. Anthu akandifunsa zomwe amaphunzira ndinkangoti za mafoni, poti ndi pomwe nzeru zanga zinkathera. Yankho limeneli latisautsa. Mwana akangofika pakhomo, mudzi wonse umabwera ndi mafoni akufa. A Yusufu a golosale pa Nsaru adasunga foni yawo yogwera m'mafuta ophikira kwa miyezi isanu, kudikira iyeyu.

Nanga munthu wa mayeso amadzatani kumudzi mwezi wa mvula? Apa ndiye pali mlandu wanga.

Amake Tiyamike akhala akuvutika ndi shuga kuyambira tisanadzale. Miyendo kutupa, maso kuchita chidima, kumunda osapita. Mwana amaimba foni Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, ndipo funso lake ndi lomwe lija, muli bwanji. Ine yankho langanso ndi lomwe lija, tili bwino. Ndinene chiyani? Mwana ali kutali, ali ndi mabuku, ndimutumizire nkhawa kuti akatani nayo?

Koma ndinaiwala kuti foni pamudzi pano si yanga yokha. Mlongo wanga a Nabanda, azakhali ake a Tiyamike, ali nayonso. A Nabanda ndi munthu woti kwa iwo chimfine ndi maliro. Anamuuza mwana kuti amake sizikudziwika ngati afike Pasaka. Mwana anagula tikiti.

Asananyamuke anandiimbira. Anati mayeso ake otsiriza ndi apakamwa, aphunzitsi atatu adzamufunsa maso ndi maso kudzera pa laputopu, Lachiwiri teni koloko m'mawa. Ndiye anafunsa ngati kunyumba kuli netiweki yokwanira. Ndinamva bwino lomwe, foni sinadukeduke. Ndinayankha kuti iliko yambiri, ikuchita kutayika.

Ndinanama chifukwa ndinamusowa mwana wanga, ndipo ndinkaopa kuti ndikanena zoona sabwera. Komanso inu mukudziwa, kwathu kuno munthu amene akubwera kunyumba sauzidwa kuti kulibe chakuti.

Zoona zake n'zakuti mudzi wathu uli kuseri kwa dambo, kumadzulo kwa Nsaru, ndipo netiweki yake yonse imakhala pa chulu cha m'munda mwanga. Uimirire pamwamba, uyang'ane cha ku Kabudula, usatembenuke. Pamwamba pa chulucho sipameranso udzu, mapazi a mudzi wonse adapasalaza.

Tiyamike anafika Loweruka, n'kupeza amake sali pafupi kufa koma salinso bwino. Lamlungu mvula inagwa tsiku lonse. Lolemba m'mawa mtsinje unali utakwirira kamlatho kathu, ndipo ngakhale anyamata a njinga zamoto, amene saopa chilichonse, anakana kuwoloka. Njira ya ku Nsaru ndi ku tauni inali yotseka. M'pamene mwana anatsegula laputopu pabalaza. Anadikira. Anazungulira nyumba foni ili m'mwamba. Anafika mpaka ku khola la mbuzi. Atabwerako anandiyang'ana.

Anandifotokozera mofatsa kuti akalephera kupezeka pa mayesowo, aphunzitsi atatuwo sadzakhalanso pamodzi mpaka chaka chamawa, ndipo chilolezo chake chokhalira ku Joni chikhala chitatha. Zaka zitatu zinali pa mlomo wanga wonama uja. Ndikanakonda akanakalipa. Iye anangopumira m'mwamba.

"Ababa, mukudziwa kuti masamu anga onse adapangidwira anthu ngati inu?"

Masana amenewo, titakaona chulu n'kupeza kuti netiweki ilipo ndithu ukakweza foni pa nsungwi, anandikhazika pakhonde kuti ndikhale ngati mmodzi wa aphunzitsi aja, ayesere pa ine. Ndi tsiku loyamba m'zaka zitatu lomwe ndinamvetsera osangogwedeza mutu.

Anati mlongoti wa mafoni uja pa Nsaru suli ndi eriyo imodzi, uli ndi angapo, ndipo foni yanu nayonso ili nawo awiri kapena kuposa m'kati mwake. Uthenga ukachoka pa eriyo suyenda njira imodzi yowongoka. Umagunda mitengo, malata, zitunda, ndipo nthawi iliyonse njira zina zimakhala zamoyo, zina zafa. Wolandira amadziwa njira yomwe yafooka, poti ndiye akuimva. Wotumiza sadziwa, amangotumiza m'chimbulimbuli. Akati afunse, anatero osandiyang'ana, amauzidwa kuti tili bwino.

Ndinatsokomola, iye anapitiriza.

Anati tiyerekeze mukutuma anthu awiri kwa apongozi ku Kabudula, wina adzere kudambo, wina kumsewu. Mawu ndi awiri: tsiku la chinkhoswe ndi malo ake. Mukapatsa wa kudambo tsiku, wa kumsewu malo, wa kudambo n'kutitimira m'matope, apongozi adziwa kopita koma osadziwa liti. Ine ndinati nanga bwanji osawauza onse awiri zonse, nkhani ithe. Anati vuto ndi lakuti amithenga a mumphepo alibe mwambo. Amafika nthawi imodzi n'kulankhulira pamodzi m'khutu limodzi, mawu n'kusakanikirana.

Ndiye mumawatuma maulendo awiri. Ulendo woyamba wa kudambo anyamule tsiku, wa kumsewu anyamule malo. Ulendo wachiwiri asinthane katundu, koma mmodzi anyamule wake chozondoka, ndiye kuti ndi chizindikiro chochotsera. Apongozi atsala ndi zosakaniza ziwiri. Poti akudziwa mphamvu ya njira iliyonse, akaphatikiza zosakanizazo mwa muyeso wake, malo amadyana okha n'kutsala tsiku. Akachotsera, tsiku limadyana n'kutsala malo. Ndipo mawu aliwonse adzera njira zonse ziwiri, kotero imodzi ikafa uthenga ufikabe.

Apa ndinamva. Ndinaphunzitsa pulaimale zaka makumi atatu, kuphatikiza ndi kuchotsera ndi kwathu. Ndinayamba kale kuganiza kuti kuwerenga zaka zitatu chifukwa cha zimenezi kunali kuwonjeza.

Anaona nkhope yanga. Anati za amithenga awiri ena adazitha kalekale iye asanayambe sukulu. Ntchito yake ndi ya amithenga anayi kapena asanu ndi atatu, ndipo pamenepo kusinthana kosalala kuja sikutheka popanda kutaya nthawi, akatswiri a masamu adatsimikiza kale kuti sikungatheke. Ndiye amalemba matebulo a manambala, mzere uliwonse ndi mthenga mmodzi, ndime iliyonse ndi ulendo umodzi. Lamulo ndi lakuti matebulo awiri alionse asiyane kwambiri, mwakuti ngakhale njira zife bwanji, malinga yatsala ina, apongozi asasokoneze uthenga uwu ndi uwo. Kuyesa tebulo limodzilimodzi simungathe, ndi ochuluka kuposa maso a chimanga m'nkhokwe. Choncho amapita ku alijebura, masamu a zilembo aja, kukafuna mabanja a manambala momwe chilichonse chimagawika ndi chinzake bola chisakhale ziro. Matebulo otengedwa m'banja lotero amabadwa ali osiyana kale, safunika kuwayesa.

Mpaka apa ndinali naye. Kenako ananena chinthu chomwe chinandiimiritsa pampando. Anati m'mabanja amenewo, kuchulukitsa ichi ndi icho n'kosiyana ndi kuchulukitsa icho ndi ichi.

Ine? Munthu amene kwa zaka makumi atatu ndinaimbitsa ana kuti fili taimusi folo ndi folo taimusi fili ndi chimodzimodzi? Alipo madoda pa Nsaru pano, ena ndi ndevu zoyera, amene adasesa bwalo la sukulu sabata yathunthu chifukwa chokayikira zimenezi. Ndinamuuza kuti ku Joniko amunamiza.

"Ababa, inu ndinu mkulu wa mpingo," anatero. "Ukwati kenako mwana, ndi mwana kenako ukwati, n'chimodzimodzi?"

Kukhitchini a Nabanda anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinakhala pansi. Milandu yomwe ndaweruza ku bwalo la mpingo, theka lake ndi ya kasanjidwe komweka, zinthu ziwiri zomwezo koma china chatsogola.

Ndinafunsa funso limodzi lokha, kuti nanga za amake anadziwa bwanji zoona, poti ine ndinkati ali bwino, azakhali ake n'kumati akufa. Anati anaphatikiza n'kugawa pakati.

Tsopano ndifunse inu owerenga. Kodi ndi ine ndekha?

Mlangizi wa zaulimi akafika pamunda, chimanga chili chachikasu mpaka kunsonga, timati chaka chino ziliko bwino. Namwino akafunsa ngati mankhwala akuthandiza, timati akuthandiza, kenako tikatuluka pageti timayamba kudandaulira mlonda. Mlendo akafunsa ngati njira ya kwathu ikupitika, timati ikupitika, n'kumusiya akaone yekha galimoto itamira mpaka m'zitseko. Munthu ali gone pamphasa, mawu akutuluka movutikira, mukamufunsa akuti ndili bwino pang'ono. Pang'ono ameneyo ndiye chipatala chonse.

Timati ndi ulemu, ndipo mbali ina ndi ulemudi. Sitifuna kusenzetsa mnzathu katundu pamsewu. Moni si malo ofotokozera za m'mimba, ndipo amene angayambe kutero ine ndemwe ndidzamuthawa pa msika. Koma tasokoneza moni ndi funso. Mwana wako akaimba kuchokera kutali, sakupereka moni. Akufunsa kuti adziwe chotumiza, adziwe ngati abwere. Ukamuyankha za pamsewu, amatumiza m'chimbulimbuli ngati mlongoti uja. N'chifukwa chake makolo ena alandira mawotchi ndi zipewa pamene chosowa chinali mankhwala.

Ndipo a Nabanda a m'midzi yathu timawapanga ndife. Pamene aliyense akuti tili bwino, womveka ndi yekhayo wolira maliro munthu ali moyo. Timawanena kuti ndi okokomeza, chonsecho akungodzaza dzenje lomwe takumba ife aulemu. Ana athu aphunzira kumvera njira ziwiri n'kugawa pakati. Anzathu a masamu adachita kukhala pansi zaka ndi zaka kufuna njira yotumizira uthenga kwa wolandira amene sanena za njira. Mphepo ndi mitengo zilibe pakamwa, sizingawauze. Nanga ife, pakamwa tili napo?

Tibwerere ku chulu.

Lachiwiri kunacha ndi mvula yowaza. Tinakweza katebulo ka wailesi ndi mpando, mwana n'kukhala pamwamba pa chulu, laputopu patsogolo, chimanga chitamuzungulira. Foni yake tinaimangirira kunsonga ya nsungwi ndi mphira kuti izikoka netiweki n'kupatsira laputopu. Foni ya a Nabanda, ya kampani ina, inali pambali kudikira ngati yoyambayo ingafooke. Tiyamike anati zimenezi si masamu ake enieni, koma ndi msuweni wake. A Nabanda anagwira ambulera. Ine ndinagwira nsungwi, manja onse awiri m'mwamba. Tayi ndinavala poti pa mayeso sipapitidwa ndi malaya a kumunda.

Tinayesa ndipo tinaona kuti ndikangotsitsa nsungwi pang'ono, nkhope za aphunzitsi zinkauma pagalasi, pakamwa pali yasa. Ndiye lamulo linali limodzi, osatsitsa.

Pofika hafu pasiti teni kunsi kwa chulu kunali anthu asanu ndi awiri, aliyense ndi foni yakufa m'manja. Mbiri inali itamveka kuti dokotala wa mafoni watsegula ofesi. Aliyense wofika ankapereka moni, ndipo ine mkulu wa mpingo ndinkayankha ndi nsidze.

Mwana wanga ankalankhula chizungu chomwe sindinamvepo pakamwa pake, chodekha, chosathamanga. Ankalemba matebulo ake papepala n'kuonetsa pagalasi. Mawu akaduka sankagwedeza mutu ngati bambo ake. Ankanena kuti sindinamve, bwerezani. Ananena katatu konse kwa mayi wina wa imvi, mphunzitsi wamkulu, mopanda manyazi ngakhale pang'ono. Ndinanyada, ndipo ndinachitanso manyazi.

Koma zaka zanga zapitirira makumi asanu ndi limodzi. Patatha mphindi makumi anayi mapewa anayamba kuyaka. Kenako zala zinachita dzanzi. Kenako eni chulu, nyerere, anatumiza nthumwi kudzera m'mwendo wa thalauza kudzafunsa chomwe tinkafuna pamudzi pawo. Nsungwi inayamba kuvina. Ndinayang'ana kumwamba n'kuona foni ikupendama, kunsi kwake kuli matope a m'mizere.

Nthawi yomweyo mayi wa imvi uja anali atafunsa funso lomwe linamuzunguza mwana, cholembera chili pakamwa. Mmalo moyang'ana pepala anayang'ana ine, n'kunong'ona.

"Ababa, muli bwanji?"

Milomo yanga inali itayamba kale yokha. Lilime linali pa mano, "ti" atatuluka theka. Zaka makumi asanu ndi limodzi za chizolowezi si masewera. Koma ndinadziwa kuti ndikamaliza mawu amenewo mwana akhulupirira, abwerera ku funso lake, ndipo pasanathe mphindi ziwiri foni, nsungwi ndi mkulu wa mpingo zikhala m'chimanga, zaka zitatu zili pansi pake.

"Sindili bwino," ndinatero. "Manja afa, ndipo nyerere zafika poipa."

Anthu a kunsi kwa chulu anamva onse. Ndikudziwa kuti pofika Lamlungu nkhaniyi inali itafika ku Mpingu. Tiyamike anapempha aphunzitsi kuti adikire pang'ono, a Nabanda analandira nsungwi isanatsike, ine ndinalandira ambulera. Tinasinthana katundu ngati amithenga aja, ndipo amene anatsala chozondoka mukumudziwa.

A Nabanda anayamba kudandaula mphindi yoyamba yomwe. Anati msana wathyoka, anati akufa, anati tidzawaike pomwepo. Anagwira nsungwi imeneyo mphindi makumi asanu osagwedezeka ngakhale kamodzi.

Mwana anayankha funso lija, anadzaza mapepala awiri. Aphunzitsi anazimitsa mawu awo n'kukambirana, ife tikumva mvula pa ambulera. Atabwerera, mayi wa imvi analankhula mawu ochepa, ndipo Tiyamike anagwira pakamwa. Anatembenuka n'kutiuza kuti wakhoza, kwangotsala tokonza tochepa. A Nabanda anafuna kululutira, ndipo nthungululu imafuna dzanja. Nsungwi inagwa, aphunzitsi anauma pagalasi, foni inalowa m'matope. Inakhala foni yachisanu ndi chitatu yodikira dokotala.

Lachinayi mtsinje utaphwa Tiyamike anawatengera amake ku chipatala ku tauni. Ine ndinangoperekeza, wolankhula anali iye, ndipo namwino atafunsa ngati mankhwala akale ankathandiza, mwana anandiyang'ana ine kaye. Ndinanena kuti ayi. Anawasinthira ena. Lachisanu mwana anakwera ndege, a Yusufu akadali ndi foni yawo ya m'mafuta.

Lamlungu tikuweruka ku tchalitchi ndinakwera chulu nthawi isanakwane, nditakonzeka. Foni inalira, funso linabwera. Ndinapuma kaye n'kuyamba. Ndinati tili pakatikati. Ndinati miyendo ya amako yaphwa pang'ono koma maso akadali chimodzimodzi. Ndinati usiku sagona bwino ndipo ine ndimachita mantha. Ndinati mbuzi yaikazi ija yafa, denga la khitchini likudontha, phewa langa silinabwerere. Ndinati pakhomo pakula chichokere iwe. Ndinalankhula zomwe sindinauzepo munthu, maso ali ku Kabudula.

Nditamaliza kunali zii. Ndinayang'ana foni. Inali itaduka kalekale.

Ndinadikira pachulupo. Patapita nthawi inaliranso. Ndinamufunsa kuti anamva mpaka pati.

"Ndinangomva 'tili', basi n'kuduka," anatero. "Musavutike, ababa, kwinako ndikukudziwa."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa nyerere. Mwana wanga anamaliza yekha chiganizo changa, ndipo anachimaliza ndi bodza lomwe ndinamuzoloweza. Ndinamuuza kuti sakukudziwa, akhale pansi. Ndinayambiranso poyamba, zonse, mpaka mbuzi. Nditatsika ndinadzera kwa a Nabanda kukawauza zomwezo, kuti njira yanga ikafa yawo ifikitse.

Inu amene mwana wanu aimbe Lamlungu likudzali, foni ikadzadukira pa "tili", iye adzamaliza ndi mawu ati?